Mizere yokhota ikutuluka yamakona pa PDF? Konzani chonchi musanakwere Thabwa

Mwezi watha ndinatumiza pulani ya kalavati kwa kapitawo wathu ku Nchalo, mphindi khumi sizinathe foni yalira, "achimwene, chimene mwajambulachi ndi paipi kapena nati?" Kutsegula PDF ija ndinapezadi bwalo lonse lili makona okhaokha chonsecho mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, linali losalala bwinobwino. Zimandiwawa zimenezi chifukwa ife akuno kuchigwa tikafuna pepala lalikulu la A1 nthawi zambiri mpaka tikwere Thabwa kupita ku Blantyre, ndiye ulipire thiransipoti kupita ndi kubwera koma pepala lake lolakwika, ndalama yalowa m'madzi basi.

Musathamangire kugwiragwira ma setting, yambani mwafufuza pomwe pali vuto. Tsegulani PDF yo pa kompyuta, kulitsani mpaka 800% pamzere wokhotawo muone. Mukaona timabokosi ting'onoting'ono ndiye kuti pulani yanu yasanduka chithunzi, ija amati raster. Koma mzere ukakhala wakuthwa bwino, kungoti wathyokathyoka ngati bango lopinda, imeneyo ikadali vector, kutanthauza mizere yeniyeni osati chithunzi, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Za timabokosizo sizivuta. Mu AutoCAD dinani viewport yanu, kazenera kamene kamaonetsa pulani pa pepala kaja, pitani pa Properties muone Shade plot, ngati pali Conceptual kapena Realistic sinthani muike Legacy wireframe. Visual style nayo ikhale 2D Wireframe.

Tsopano zothyokazo. Dinani Ctrl+P, pa printer sankhani DWG To PDF.pc3, lowani PDF Options, pa Vector quality ikani 1200 dpi, ngati pali tizigawo ting'onoting'ono ngati mabawuti ndi zitsulo za mu konkire ikani 2400. Apa ndi pomwe anzathu ambiri amasokonezeka, dpi ndi kuchuluka kwa madontho pa inchi imodzi ya PEPALA osati ya munda. Ndiye ukatenga ngalande yothirira ya makilomita awiri n'kuipanikiza pa A4 ndi Fit to paper, kabwalo kakang'ono kamangopeza timadontho towerengeka, kenako wopulinta akakulitsa kufika A1 makona onse amaonekera poyera. Sankhani pepala lenileni kuyambira pachiyambi, A1 ndi 594 x 841 mm, ndipo ikani sikelo yake yoyenera. Musaope kuti fayilo ilemera n'kukudyerani bandulo, chimene chimalemeretsa kwambiri ndi Raster image quality makamaka mukaika chithunzi cha m'mwamba kuseri kwa pulani.

Ena amakuuza kuti ingolemba lamulo la VIEWRES mu AutoCAD basi zitheka. Inde lembani, imalola kuyambira 1 mpaka 20000, ikani 20000 kenako lembani REGENALL kuti ijambulenso zonse pa sikirini, koma dziwani kuti imeneyi kwenikweni imasalaza zomwe mukuona pa sikirini. Ngati ndi 3D ya shaded, FACETRES, imene imasalaza zinthu za 3D, imabwera ili pa 0.5, ikwezeni, malire ake ndi 10.

Zonsezi mwachita koma makona akadalipo? Dinani mzere weniweniwo muone pa Properties. Mafayilo ochokera kwa a survey kapena ku GIS (mapulogalamu a mapu) kawirikawiri mulibe Arc, mzere wokhota weniweni, muli Polyline ya timizere towongoka tolumikizalumikiza, ndiye ngakhale muike dpi yochuluka bwanji siingasalale poti inajambulidwa choncho. Jambulaninso ndi ARC, kapena lembani PEDIT, lamulo losinthira Polyline, musankhe Fit. Spline ya mu PEDIT samalani nayo, imachotsa mzere pa mapointi omwe anayeza, pa ngalande kapena dyke (chipupa chotchinga madzi osefukira) zimenezo ndi zoopsa ndithu. Mukaigwiritsabe ntchito kwezani SPLINESEGS, kuchuluka kwa timizere ta mu Spline, kuchoka pa 8 kufika mwina 32.

Potumiza pa WhatsApp tumizani PDF yeniyeniyo ngati Document, chonde osatumiza screenshot, imafika yophwanyika. Ndipo mukafika kopulintako muwauze asankhe Actual size osati Fit, pepala likatuluka yezani ndi rula musanatuluke pakhomo.