Manati a marimu a aloyi anandivuta sabata yathunthu

Corolla yanga inabwera ndi marimu achitsulo. Nditapeza a aloyi (a aluminiyamu) a Toyota ogwiritsidwapo kale ntchito, ndinangomanga ndi manati akale aja. Patangopita masiku atatu chiwongolero chinayamba kunjenjemera, ndipo nditayesa ndi sipanala ndinapeza manati awiri akutsogolo atakhwepa.

Ndinachotsa tayala n'kusuzumira m'bowo la rimu. Pokhala nati panali pafulati, pomwe manati anga anali osongoka kunsi, opendekeka madigiri 60. Ankangogunda m'mphepete mwa bowo, ndipo anali atadya kale aluminiyamu, kusiya kamzere konyezimira kozungulira. Marimu a aloyi ochokera ku fakitale ya Toyota amafuna nati ya washala, yokhala ndi kakhosi kolowa m'bowo.

Kumsika mnyamata wina anandipatsa manati owala bwino, akuti "amalowa paliponse, bwana." Anali a Nissan, thiredi yake (mazinga a m'kati mwa nati) M12x1.25, pomwe ya Toyota ndi M12x1.5, ndiye mazingawo sagwirizana. Ndikanaumiriza ndi sipanala, mabawuti akanaphwasuka. Mwayi wake ndinanyamula bawuti yakale m'thumba: nati inazungulira kawiri kokha n'kuuma gwa.

Manati oyenera ndinawapeza pogulitsa zida za magalimoto ophwasula, onse 20. Ndinayamba kumanga ndi dzanja, modumphitsa ngati nyenyezi, kenako torque wrench (sipanala yoyeza kuthina kwa nati) yobwereka, pa muyeso wa 103 Nm. Nditayenda makilomita 80 ndinayesanso, palibe inasuntha. Manati akale ndawasunga m'buti, popeza sipeya idakali yachitsulo.