Mabisiketi ofewa asiya kundiumira

Mabisiketi ofewa amene ndimaphika, a chiponde ndi shuga wabulauni, ankauma gwa pofika tsiku lachiwiri. Vuto linali mpweya wolowa m'chitini.

Tsopano ndimawasiya azizire kaye mpaka m'kati, chifukwa ukawatsekera akadali otentha amachita thukuta, kenako chuku. Akazizira ndimawaika m'kontena yotseka bwino, pamwamba n'kuikapo kachidutswa ka buledi. Shuga wa m'mabisiketi amakoka chinyezi cha bulediyo. M'mawa mwake umapeza buledi wauma, mabisiketi ali ofewa ndithu. Bulediyo akauma ndimaikapo wina.

Motere amakhala bwino masiku 4 kapena 5, koma kukatentha ngati mu Okutobala musadutse masiku 3. M'furiji ayi, amauma msanga. Otsala ndimawakulunga m'pulasitiki n'kuwaika m'firiza, momwe amakhala mpaka miyezi 3.