Momwe mungapezere mashilingi ochuluka mukapita kukapikula katundu ku Dar es Salaam

Aliyense amene anapitako ku Kariakoo, dera la msika waukulu mu Dar es Salaam, kukapikula zitenje, nsapato kapena zipangizo za galimoto amadziwa kuti mwini sitolo mukangogwirizana naye mtengo amafuna ndalama pompopompo, ndipo amafuna mashilingi. Kwacha yathu imasinthika pa chipata cha Songwe ndi madera oyandikira, koma mukalowa mkati mwa dziko la Tanzania n'kovuta kupeza woilandira. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2025 malamulo a dzikolo amafuna kuti malonda a m'dzikomo azilipiridwa m'mashilingi, choncho ngakhale amene wanyamula madola ayenera kuwasintha kaye. Ntchito yopeza mashilingi ochuluka imayambira kuno kumudzi, masabata angapo ulendo usanafike.

Choyamba, pitani ku banki yanu ndi pasipoti, tikiti ya basi kapena ya ndege, ndiponso kalata ya mitengo yochokera kwa amene mukukagula kwa iye ngati muli nayo. Pemphani ndalama zakunja zoyendera, ndipo mufunse kuti malamulo a Reserve Bank of Malawi akukulolani kutuluka ndi zochuluka bwanji pa nthawiyo, chifukwa malire amenewa amasinthasintha. Popeza ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, makamaka m'zaka zozungulira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, musayembekezere kuti banki ikupatsani zonse tsiku limodzi. Pa ulendo womwewo funsaninso ngati khadi lanu la Visa kapena Mastercard ndi lotsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja, ndalama zimene lingatulutse pa tsiku ndi pa mwezi, komanso zimene banki imadula pa kutapa kulikonse. Auzeni masiku amene mudzakhale ku Tanzania kuti asadzatseke khadilo poganiza kuti labedwa. Lisiti iliyonse imene akupatseni muisunge pamodzi ndi pasipoti, pakuti apolisi ndi akuluakulu a MRA amalanda ndalama zakunja zopanda mapepala, ndipo mpamba wa munthu umatha kuthera pa chipata asanaone n'komwe Mbeya.

Chachiwiri, yang'anitsitsani madola amene mwapatsidwa musanachoke pa kauntala. Osintha ndalama ku Tanzania amapereka mtengo wabwino pa mapepala a 50 ndi 100, pomwe a 5, 10 ndi 20 amawagula motsikirapo. Mapepala akale, ong'ambika, olembedwa ndi bolopeni kapena odindidwa chidindo amawakana kapena kuwatsitsa mtengo. Ngati n'kotheka pemphani a 100 okhala ndi mzere wa buluu pakati, amene anayamba kutuluka mu 2013, ndipo muwasunge osapinda mu envulopu yosalowa madzi.

Mukafika pa Songwe n'kuolokera ku Kasumulu, anyamata osintha ndalama adzakuzungulirani basi isanaime bwino. Ine ndimalangiza kuti pamenepa musinthe zochepa chabe, zokwanira chakudya, madzi ndi thiransipoti ya tsiku loyamba. Ndinaonapo mayi wina akuwerengeredwa mtolo mofulumira pafupi ndi khomo la basi. Atakhala pampando n'kuwerenganso yekha, anapeza kuti mapepala ena anali opindidwa pawiri kotero kuti pepala limodzi linawerengedwa kawiri. Wosinthayo anali atasowa kale m'chigulu cha anthu. Ngati ndalama zimene mwanyamula zafika madola 10,000 kapena kuposerapo, lamulo la Tanzania likufuna kuti muzionetse kwa akuluakulu a kasitomu ndi kulemba fomu polowa, ndipo kubisa n'kudziika pa mlandu. Kumbukiraninso kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi, zimene zimachititsa ena kupeza banki itatsekedwa.

Ndalama zambiri mukasinthire mu mzinda, m'banki monga CRDB, NMB kapena NBC, kapena m'malo osinthira ndalama ovomerezedwa ndi Bank of Tanzania. Yerekezani mitengo ya malo awiri kapena atatu, ndipo ngati mukusintha zochuluka funsani ngati angakuwonjezereniko pang'ono, chifukwa nthawi zina amalola. Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka ndi kukula kwa mitolo. Pepala lalikulu kwambiri la dzikolo ndi la mashilingi 10,000, lofiirira lokhala ndi chithunzi cha njovu, choncho mashilingi 10 miliyoni ndi mapepala 1,000, kapena kuti mitolo khumi ya mapepala 100 uliwonse, imene singalowe m'thumba la thalauza. Pemphani kuti akuwerengereni pa makina inu mukuona, muike m'chikwama chosaoneka chamtengo wapatali muli mkati momo, ndipo mutuluke ndi mnzanu wodalirika kupita molunjika kumene mukalipire. Kuyenda ndi mitolo yotere m'misewu yothithikana ya Kariakoo kuyambira m'mawa mpaka madzulo n'kuputa tsoka.

Makina a ATM ndi othandiza, koma ali ndi malire. Ambiri amatulutsa mashilingi osapitirira 400,000 pa kutapa kamodzi, kutanthauza kuti munthu wofuna 10 miliyoni angafunike kutapa maulendo 25, ndipo ulendo uliwonse amadulidwa ndi banki ya kumeneko komanso yakwathu. Kawirikawiri malire a khadi lanu amakuimitsani musanafike n'komwe pamenepo. Gwiritsani ntchito makina amene ali mkati mwa banki masana, tsekani ndi dzanja polemba nambala yachinsinsi, ndipo makinawo akakufunsani ngati mukufuna kuti akuwerengereni mu ndalama ina, sankhani mashilingi, pakuti mtengo umene iwo amasinthira umakhala wokuluzitsani. Nthambi zina zimalola kutapa ndi khadi pa kauntala mutaonetsa pasipoti, ndipo n'koyenera kufunsa.

Njira imene ndimaiona yotetezeka kwambiri ndi kuchepetsa ndalama zogwira m'manja. Mukasintha madola m'banki, mukhoza kuika mashilingiwo mwachindunji mu akaunti ya wogulitsayo pa kauntala pomwepo, n'kumupatsa lisiti m'malo mwa mitolo, bola mutatsimikiza kuti dzina la akauntiyo likugwirizana ndi la pa kalata ya mitengo ndiponso kuti katundu mwamuona ndi maso anu. Mukhozanso kulembetsa simukhadi ya kumeneko ndi pasipoti yanu kuti muzilipira ndi M-Pesa kapena Airtel Money, ngakhale kuti njirayi ili ndi malire ake komanso ndalama zodulidwa potapa. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London amene akukuthandizani mpamba, angatumize kudzera ku Western Union m'dzina lanu monga lalembedwera mu pasipoti, ndipo mudzalandira mashilingi. Kwa amene akuoda katundu wodzaza lole, ndi bwino kukambirana ndi banki yakwathu ulendo usanafike kuti itumize ndalamazo ku akaunti ya wogulitsa, chifukwa mapepala omwewo ndi amene adzafunikenso pokhoma msonkho katunduyo akafika pa Songwe.