Nsikidzi ndi mphemvu m'nyumba za lendi, musapopere nokha

Funso lomwe ndimalandira kwambiri kwa anthu okhala m'nyumba za lendi ndi lakuti "alangizi, mankhwala amphamvu ndi ati?" Ine ndimayamba ndafunsa kaye kuti khoma lanulo kuseli kwake kuli ndani, chifukwa m'nyumba zogundizana tizilombo timayenda mwaufulu kudzera m'ming'alu, kusiling'i, m'mabowo a mapaipi ndi mawaya a magetsi, ndiye mukapopera nokha timangosamukira kwa aneba, fungo likatha tabwerera.

Tiyambe ndi nsikidzi poti ndi zomwe zimasowetsa anthu tulo zenizeni. Musanalowetse katundu m'nyumba yomwe mwapeza kumene, tengani tochi muunike m'ming'alu ya khoma, m'mphepete mwa masoketi ndi m'makona a wadilobu. Mukaona timadontho takuda ngati wina amagunditsapo bolopeni, kapena timakoko touma tofiirira, dziwani kuti zilimo. Nyumba kukhala yopanda munthu kwa miyezi iwiri sikutanthauza kanthu, nsikidzi imatha miyezi ingapo osayamwa magazi ili phee kudikira. Bedi kapena sofa yogula kwa munthu muziyiunikanso chimodzimodzi isanalowe pakhomo.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi apa. Mazira a nsikidzi ndi toyera tating'ono pafupifupi milimita imodzi, amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, ndipo mankhwala ambiri opopera sawapha. Ndiye munthu wapopera lero, wagona bwino sabata imodzi, kenako zayambanso kuluma iye nkumati anamugulitsa mankhwala afeki, pomwe ndi ana aswa aja. Bwerezani pakatha masiku 10 mpaka 14. Zofunda, makatani ndi zovala muchape ndi madzi otentha ofika madigiri 60, bedi mulimasule nkuthira madzi owira molumikizira matabwa monse, msoko wa matiresi muupale ndi bulashi yolimba. Kuyanika matiresi padzuwa kokha sikukwanira, zimathawira kunsi kozizira.

Chonde tisamachite nazo manyazi. Nsikidzi sizibwera chifukwa cha uve, zimakwera chikwama kapena chovala cha aliyense, ndipo zimandipweteka mtima kuona banja likubisa kwa miyezi, ana akudzikanda mpaka zilonda, kuopa kusekedwa pomwe aneba nawonso akuvutika mwakachetechete.

Mphemvu nkhani yake ndi madzi. Mpopi wodontha pansi pa sinki, mbale zogona zosatsuka, makatoni ounjika kuseli kwa filiji komwe kumafunda, basi mwaziitana. Timphemvu tating'ono ta kukhitchini tija, yaikazi imodzi imanyamula kathumba ka mazira 30 mpaka 40, ndipo mukayamba kuziona masana ndiye kuti zachuluka kale mobisalamo. Zitosi zake zimadzutsa mphumu makamaka kwa ana. Mankhwala a nyambo okhala ngati phala amagwira bwino kuposa opopera, mumangodontheza pang'onopang'ono m'makona a kabati ndi m'mahinjesi, koma osapoperanso pomwe mwaika nyambo chifukwa zimaleka kudya.

Makoswe tsekani njira. Kakhoswe kakang'ono kamalowa pabowo la mamilimita 6, loti pensulo nkulowa, ndiye matani ndi simenti kapena sefa yawaya, nsanza amangodula. Ine ndimalimbikitsa misampha kuposa poizoni m'nyumba momwe muli ana, komanso khoswe akafera kusiling'i fungo lake mumalidziwa.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse, mapiritsi ofukizira mbewu zosunga aja a aluminium phosphide asalowe m'chipinda chogona ngakhale wina akuuzeni kuti amamaliza nsikidzi tsiku limodzi. Amatulutsa mpweya wa phosphine womwe umapha munthu, ndipo umadutsa m'ming'alu yomwe ija nkukafika kwa aneba ali mtulo.

Mukaona vuto jambulani pafoni, tsiku lomwelo muwatumizire alandilodi uthenga wolemba kuti pakhale umboni, muwapemphe akonze zodontha ndi kumata ming'alu chifukwa zokonza nyumba zimafuna chilolezo chawo. Kenako khalani pansi ndi aneba onse a mdadada umenewo mugwirizane tsiku limodzi lopopera nyumba zonse, ndipo tsiku lobwereza mulilembe pomwepo musanabalalike.