Mukafuna kukaona Hadrian's Wall, galimoto musabwereke

Inu amene muli ku Britain ndipo mukufuna kukaona khoma lakale la Aroma limeneli, lomwe lili kumpoto kwa England, kwerani sitima kuchokera ku Newcastle mutsikire ku Hexham, pamenepo mugwire basi ya AD122. Nambalayi ndi chaka chimene Aroma anayamba kumanga khomali, 122. Basiyi imaima pa Chesters, Housesteads ndi Vindolanda (mabwinja a malinga a asilikali a Aroma) komanso pa Roman Army Museum (nyumba yoonetsera zinthu zakale za asilikaliwo), mpaka ku Haltwhistle. Onani nthawi zake musananyamuke, chifukwa siidutsa pafupipafupi.

Pa Vindolanda ndi Roman Army Museum gulani tikiti imodzi yolowera konse kuwiri, imatsika mtengo poti malowa ali pansi pa bungwe limodzi. Ine ndimati yambani ku museum, mukaone zida ndi moyo wa msilikali, kuti mukafika pa Vindolanda miyala ija muziizindikira kuti apa panali nyumba yosambira, apa nkhokwe. Housesteads ili ndi tikiti yakeyake. Valani nsapato zosalowa madzi, kumtunda kuja kuli matope ndi mphepo yozizira ngakhale mu Julaye.