Utali wokha wa mpanda suletsa phokoso la magalimoto

M'nyengo yotentha ino ndakhala ndikuyendera timadimba ta kuseri kwa nyumba ta abale athu okhala ku England, ndipo m'makomo angapo oyandikana ndi misewu ikuluikulu ndapeza cholakwa chimodzimodzi. Mwini nyumba akatopa ndi phokoso akumagula matabwa opyapyala n'kuwakhomera pamwamba pa mpanda wakale mpaka kupitirira mamita awiri, poganiza kuti utali ndiwo mankhwala. Ndalama zapita, phokoso likadalipo, ndipo ena kalata ya khonsolo yawapeza kale.

Lamulo la mu 2015 lotchedwa General Permitted Development Order limalola munthu kumanga mpanda osapempha chilolezo malinga ngati sukupitirira mamita 2 kuchokera pansi. Koma mpandawo ukakhala m'mphepete mwa msewu wa magalimoto, kapena mwa kanjira ka oyenda pansi kotsata msewuwo, malire ake ndi mita 1 yokha. Apa ndi pamene ambiri akugwera, pakuti mbali imene phokoso likuchokera ndi yomweyo imene lamulo lafupikitsa. Timatabwa topingasa ngati ukonde timene anthu amaika pamwamba kuti poyanga maluwa timawerengedwanso pa utaliwo. Pa nyumba zakale zotetezedwa ndi boma, komanso m'madera ena a nyumba zatsopano kumene chilolezo chomangira chinaletseratu mipanda ya kumaso, ngakhale mita imodziyo imafuna kupempha.

Chimene chimanditopetsa ndi yankho lakuti malowo ndi anga. Kwathu munthu amamweta tsekera, kuzika mitengo, mpanda n'kuima tsiku lomwelo popanda wofunsa, ndipo ena abwera nalo khalidwe limeneli mpaka kuno ngati kuti dziko ndi limodzi. Ena amaloza kwa aneba kuti nawonso ali ndi wautali, osadziwa ngati anebawo anapempha chilolezo kapena wawo unakhalitsa mpaka nthawi yoti khonsolo ichitepo kanthu inadutsa. Kale nthawi imeneyo inali zaka 4, koma kuyambira pa 25 April 2024 ku England inakwera kufika pa zaka 10, choncho amene akumanga lero n'chiyembekezo chakuti nkhaniyo iiwalika akudzinamiza. Khonsolo ikadziwa, kawirikawiri kudzera mwa mneba wodandaula, imakuuzani kuti mupemphe chilolezo cha chinthu chomangidwa kale, ndipo pempholo mumalipira. Ikakana, mwina chifukwa mpandawo ukutchinga maso a oyendetsa galimoto potulukira mumsewu kapena ukuipitsa maonekedwe a dera, imatulutsa chikalata cholamula kuti muufupikitse kapena muugwetse. Mungathe kukadandaula ku Planning Inspectorate, bungwe la boma lomva madandaulo a zomangamanga, koma kungonyalanyaza chikalatacho ndi mlandu wa kukhothi. Tsiku logulitsa nyumba nkhani yomweyo imadzukanso, chifukwa maloya a wogula amafunsa mapepala.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mipanda imene anthu akuvutikira chonchi sikugwira n'komwe ntchito imene anaimangira. Phokoso lili ngati madzi: likapeza kampata limadutsa. Pa msewu wothamanga, lambiri limachokera pansi, pamene matayala akukhudzana ndi phula, ndiye mpata wa pansi pa mpanda ndiwo khomo lake lenileni. Matabwa opepuka ogulidwa okhomeratu aja amauma ndi dzuwa, n'kupindika, n'kusiya ming'alu pakati, ndiponso alibe kulemera kokwanira kuti phokoso lisawapyoze. Mpanda wothinana bwino umene wangobisa magalimoto kuti musawaone umachepetsa phokoso ndi ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 5, ndipo mita iliyonse yowonjezera pamenepo imangochotsako pang'ono pokha. Kuti khutu limve ngati phokoso latsika ndi theka pamafunika ma decibel 10. Kulira kwa besi kwa malole kumakhotera pamwamba ndi m'mbali mwa mpanda, ndiye mpanda wautali koma wothera pa ngodya ya dimba umasiya njira yotseguka mbali zonse ziwiri.

Bambo wina wa kwawo ku Ntcheu, amene amalima nkhwani, mpiru ndi mizere ingapo ya chimanga kuseri kwa nyumba yake, anandigwira dzanja kukandionetsa mpanda umene anautalikitsa chaka chatha. Anandiuza kuti mphepo ya m'nyengo yozizira inaupendeketsa kawiri, chifukwa mizati yake inali yakale yomwe ija ndipo mpanda wautali umakola mphepo ngati thanga la ngalawa. Nditawerama ndinaona matayala a magalimoto akudutsa kudzera pa mpata wolowa chikhatho umene anausiya pansi poopa kuti matabwa angaole. Koma dandaulo lake lalikulu linali la mbewu. Msewuwo uli kum'mwera kwa dimba lake, ndipo kuno dzuwa limayenda chakum'mwera, choncho mthunzi wa mpandawo unagwera pa mizere yake yabwino kwambiri. Maungu anangoyanga masamba otumbuluka, chimanga cha m'mphepete chinapinimbira, ndipo iye anali akugonabe ndi mawindo otseka chifukwa chipinda chake chili pamwamba, kumene mpanda wa m'dimba sufikako.

Za kubzala mitengo yothithikana ndisataye nthawi: imabisa msewu m'maso koma phokoso imachotsa lochepa kwambiri. Siifuna chilolezo chomangira, komabe mzere wa mitengo yosayoyola masamba ukapitirira mamita 2 n'kutchinga kuwala kwa mneba, lamulo la mu 2003 limamulola kukasuma ku khonsolo.

Tsono amene mukufunabe kumanga, yambani mwafunsa ku ofesi yoona za mapulani ya khonsolo yanu, muli ndi muyeso ndi chithunzi cha malowo, ndipo ngati mbali ya kumsewu ikufunika kupitirira mita 1 pemphani chilolezo musanagule thabwa ndi limodzi lomwe. Sankhani njerwa kapena matabwa ochindikala olowana m'mphepete, olemera makilogalamu osachepera 10 pa sikweya mita, muike thabwa la konkire pansi kuti pasatsale mpata, mizati ikhale yatsopano yozikidwa mu simenti, ndipo mpandawo ukhote m'mbali. Chitseko chithinane ngati mpandawo. Ochita lendi ayambe alankhula ndi eni nyumba, ndipo okhala ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland afunse malamulo akwawoko chifukwa ndi apadera. Ngati vuto lanu ndi tulo m'chipinda cha pamwamba, ndalamazo zipite ku mawindo a magalasi awiri.