Momwe mungadziyezere BMI pa miyezo ya ku America

Bungwe la zaumoyo la boma la America, CDC, linapeza kuti pakati pa 2017 ndi Marichi 2020, akuluakulu 41.9 pa 100 alionse ku America anali onenepa mopitirira muyezo. Chiwerengerochi amachipeza ndi BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ndipo mukhoza kudziyeza nokha kunyumba.

Yambani ndi sikelo, pakuti mavuto onse ali pamenepa. Ya manambala imagulidwa madola 15 kapena 20 m'masitolo akuluakulu. Samalani ndi ogulitsa a pa intaneti amene amati sikelo yawo imayezanso mafuta, madzi ndi mafupa. Ina yotchipa yomwe ndinagula inkasintha mapaundi angapo ndikangotsika ndi kukweranso. Choyamba, inali pa kapeti, ndipo nyumba zambiri za ku America zili ndi kapeti mpaka kuchipinda. Sikelo imafuna pansi pouma, pa matayilosi a kubafa. Koma ngakhale pamenepo inapitiriza kunama, ndiye ndinaitaya. Yatsopano muiyese kaye ndi chinthu chomwe mukudziwa kulemera kwake, kaya thumba la mpunga losatsegula. Dziyezeni m'mawa, mutapita kuchimbudzi, musanadye. Onaninso kabatani ka pansi: sikelo za kuno ku America zimabwera zitatcheredwa pa mapaundi, ndipo amene tinazolowera makilo mtima umadumpha tikaona 200.

Msinkhu ndi wosavuta. Vulani nsapato, tsamirani khoma, wina aike buku pamutu ndi kulemba chizindikiro. Mafiti asandutseni mainchi: mafiti 5 ndi mainchi 9 ndi mainchi 69.

Tsopano samu. Mapaundi muchulukitse ndi 703, kenako mugawe ndi mainchi kawiri. Munthu wa mapaundi 200 ndi mainchi 69 amapeza 29.5. Ngati muli ndi makilo ndi mamita, 703 uja msiyeni, ingogawani makilo ndi msinkhu kawiri. Osasakaniza miyezo iwiriyi.

Pansi pa 18.5 mwaonda kwambiri, 18.5 mpaka 24.9 zili bwino, 25 mpaka 29.9 thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndiko kunenepa kumene CDC imawerenga kuja. Malire a 25 anakhazikitsidwa ku America mu 1998. Kale anali pafupifupi 27, choncho anthu mamiliyoni anagona ali bwino, nadzuka akuuzidwa kuti thupi lapitirira.

Ine sindiikhulupirira kwambiri nambalayi payokha. Samuyi anaiyambitsa Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'ma 1830 powerengera magulu a anthu, ndipo siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Mu 2023 bungwe la madokotala la AMA linanenanso kuti payokha siikwanira.

Choncho tengani tepi ya telala muyeze m'chiuno, pamwamba pa mafupa a m'mbali, mutatulutsa mpweya bwinobwino osabweza mimba. Abambo asapitirire mainchi 40, amayi 35. Zikapitirira, kayezetseni shuga ndi BP.